Ndalama za chitukuko ku khonsolo: zimachokera kuti, ndipo amasankha ntchito ndani?

Gulu la amayi ophikira ana phala pa sukulu ya mkombaphala likatopa ndi denga lodontha, kapena anthu a m'mudzi akafuna mlatho pa mtsinje umene umatsekereza ana kupita kusukulu nthawi ya dzinja, malangizo amene amamva kwa aliyense ndi amodzi: lembani kalata, mupite nayo ku khonsolo. Amasonkherana ya basi, wapampando ndi mlembi n'kulawirira ku boma. Kumeneko amakumana ndi funso limene sanaliyembekezere: "Kodi nkhaniyi yadzera ku VDC ndi ku ADC?" Awa ndi makomiti a chitukuko, VDC ya kwa gulupu ndi ADC ya kwa mfumu yaikulu. Magulu ambiri amabwerera kumudzi akuganiza kuti awakaniza mwaulemu. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma kawirikawiri wa mu ofesiyo amakhala wanena zoona. Khonsolo ya ku Malawi siisunga thumba loti gulu lililonse lingalembe kalata n'kupatsidwa ndalama m'manja. Imalipira ntchito zimene zalowa m'mapulani ake, ndipo njira yolowera m'mapulanimo ili ndi makomo angapo. Amene sakuwadziwa makomowo amathera mphamvu zake pa khomo lolakwika.

Dongosolo lonseli linakhazikitsidwa mu 1998, pamene boma linavomereza ndondomeko yotsitsa mphamvu kumakhonsolo, ija imadziwika ndi mawu akuti Mphamvu ku Anthu, ndipo Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo latsopano la maboma ang'ono. Ndondomekoyo inalonjeza kuti ndalama zosachepera 5 peresenti ya zimene boma limatolera, kupatula za mayiko othandiza, zizipita kumakhonsolo kukagwira ntchito za chitukuko. Makhansala oyamba anasankhidwa mu 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, chisankho china sichinachitike mpaka 2014. Kwa zaka 9 makhonsolo ankayenda opanda khansala ngakhale mmodzi: zonse zinali m'manja mwa bwanamkubwa ndi antchito ake, mafumu ndi aphungu. Mpata umenewu musauiwale, chifukwa mikangano yambiri ya lero inabadwira m'menemo.

Ndalama za khonsolo zili mitundu iwiri. Pali zimene imatolera yokha: ziphaso za m'misika, malaisensi a bizinesi, za m'madepoti, ndiponso msonkho wa nyumba ndi malo m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. M'makhonsolo 28 a m'maboma ndalama zotolera okhazi n'zochepa, moti zimathera ku malipiro a antchito olembedwa ndi khonsolo yomweyo, monga otolera ziphaso, alonda ndi osesa m'misika, ndipo nkhani za antchito otere kukhala miyezi osalandira si zachilendo. Gulu limene likuyembekezera kuti chiphaso cha mumsika chilimangira mlatho likudikira pachabe.

Mtundu wachiwiri ndi ndalama zochokera ku likulu, zimene zimagawidwa kudzera ku National Local Government Finance Committee, bungwe lokhazikitsidwa ndi malamulo aakulu a dziko. Zambiri mwa izi zimabwera zitamangidwa kale: izi n'za chipatala, izi n'za maphunziro, izi n'za ulimi. Khonsolo siingatenge za mafuta a ambulansi n'kukagulira malata a mkombaphala. Zotsala za chitukuko chenicheni, choti anthu angasankhe okha, zili m'matumba owerengeka. Pali thumba la chitukuko cha m'boma, la DDF. Pali thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, la CDF, ndi kathumba kena ka mijigo kamene kamagawidwanso potsata madera a aphungu. Ndipo kuchokera mu 2020 pali ndalama za pulojekiti ya GESD, ya madola 100 miliyoni ochokera ku World Bank.

Pa pepala, matumba onsewa amayenera kumwera pa chitsime chimodzi, chomwe ndi pulani ya chitukuko ya boma lonse. Pulaniyo imayambira pansi. Komiti ya VDC, imene imakhala pa gulupu aliyense, imasonkhanitsa midzi yake kuti anthu atchule mavuto awo ndi kuwaika mu ndondomeko, choyamba ichi, chachiwiri ichi. Zotsatira zake zimalembedwa m'pulani ya mudzi imene alangizi amaitchula kuti VAP. Mapulani a magulupu onse amapita ku ADC, komiti ya dera la mfumu yaikulu. Pambali pa ADC pali komiti ya alangizi a boma ogwira ntchito m'deralo, a zaumoyo, a zaulimi, a chitukuko cha m'midzi, a maphunziro, amene ntchito yawo ndi kuunika ngati zopemphedwazo zingatheke. Kuchoka apo nkhani imafika ku ofesi ya mapulani ku boma, kenaka ku makomiti a makhansala, ndipo pomaliza ku msonkhano wa khonsolo yonse umene umavomereza bajeti. Malangizo a boma amati mfumu ikhale mlangizi wa makomitiwa, wapampando azisankhidwa ndi anthu. M'madera ena zimatsatidwa. M'madera ena wapampando ndi mphwake wa mfumu, ndipo komitiyo sinasankhidwenso kwa zaka.

Pamene pamaphedwa kapena kupulumuka mapempho ambiri ndi pa ADC, ndiye tiyeni tikhale nawo pang'ono msonkhano wotere. Anthu akhala m'kalasi ya pulayimale, akuluakulu atapanikizika m'madesiki a ana. Wapampando wa VDC iliyonse wabwera ndi kope lake. Pa bolodi palembedwa ndi choko: mjigo, buloko ya sukulu, nyumba ya mphunzitsi, mlatho, chiyembekezero cha amayi pa chipatala, mjigo wina, mjigo winanso. Mapempho ndi ochuluka, ndalama zimene zikuyembekezeka zingakwanire ntchito ziwiri kapena zitatu. Mlangizi wa zaumoyo akuti mudzi wakuti unavutika ndi kolera, uyambe ndiwo. Wina akuti mudzi womwewo unalandira mjigo chaka chatha. Gulupu wina akuti, "Ife mchenga ndi miyala tinatuta kalekale, zangokhala." Mawu amenewo ndi olemera, chifukwa dera limene laonetsa kuti lakonzeka kuthandizapo limakhala patsogolo. Amayi a mkombaphala aja mulibe m'chipindamo. Ngati wapampando wa VDC yawo sanalembe denga lawo m'kope lake, kapena walemba koma sakulankhula, nkhani yawo yathera pomwepo, ndipo palibe amene wawakaniza.

Thumba limene limadziwika kwambiri, ndiponso lokanganitsa kwambiri, ndi la CDF. Linayamba mu 2006, nthawi ya Bingu wa Mutharika, pamene otsutsa boma anali ochuluka m'Nyumba ya Malamulo ndipo kuvomereza bajeti kunali nkhondo chaka ndi chaka. Makhansala kunalibe. Thumba loperekedwa potsata dera la phungu, pa nthawi imene woimira anthu wosankhidwa anali phungu yekha, linasanduka la phungu m'maso mwa aliyense. Linayamba ndi mamiliyoni ochepa chabe pa dera. Linakwera mpaka K40 miliyoni, kenaka K100 miliyoni mu 2022, n'kufika K200 miliyoni mu 2024. Pa nkhani yokweza thumbali, aphungu a mbali zonse sachedwa kugwirizana.

Mwalamulo ndalamazi sizilowa m'thumba la phungu. Zimapita ku akaunti ya khonsolo, ndipo woyankha za izo akabwera owerengera ndalama za boma ndi bwanamkubwa. Ntchito zimayenera kusankhidwa kuchokera ku zimene ma ADC apempha, katundu agulidwe motsata malamulo ogulira zinthu za boma, ndipo pa ntchito iliyonse pakhale komiti ya anthu a pamalopo yoyang'anira. Koma malangizo a thumbali ankapatsa phungu mpando waukulu posankha ntchito, ndipo kusintha kwa lamulo la maboma ang'ono kwa mu 2010 kunapatsa aphungu mphamvu yovota m'misonkhano ya khonsolo. Zotsatira zake anthu amazidziwa. Phungu amatchula ntchito pa msonkhano wa ndale, amabweretsa mmisiri wake, amauza sitolo yoti kukatengedwe simenti, ndipo mapepala amatsatira pambuyo. Malipoti a owerengera ndalama za boma akhala akupeza zinthu zomwezomwezo m'makhonsolo ambiri: ndalama zolipidwa popanda malisiti, katundu wogulidwa koma wosafika, ntchito zolembedwa kuti zatha pamene zili pa fawundeshoni. Si aphungu onse, ndipo si aphungu okha, pakuti cheke sichingatuluke popanda siginecha za a ku khonsolo. Koma vuto lalikulu silili ngakhale pa kuba. Munthu amene akufuna mavoti kulikonse amakonda kumwaza ndalama pang'onopang'ono, apa matumba 20 a simenti, apo malata 30, kuti mudzi uliwonse uone dzanja lake. Ndiye chifukwa chake mumapeza mabuloko a sukulu atatu oimira pa zenera m'malo mwa imodzi yotha.

Bungwe la makhonsolo la MALGA linatengera nkhaniyi kubwalo, ndipo mu May 2025 oweruza atatu a bwalo lalikulu, atakhala ngati bwalo lotanthauzira malamulo aakulu a dziko, anagamula kuti aphungu sayenera kuyendetsa nawo thumba la CDF kapena la mijigo, ndiponso sayenera kuvota m'khonsolo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo, kuvomereza bajeti ndi kulondoloza mmene boma likugwiritsira ntchito ndalama. Akakhalanso wosankha ntchito ndi wogawa ndalamazo, adzadzilondoloza yekha bwanji? Ku Kenya, kumene thumba lotere linayamba mu 2003, bwalo lalikulu kwambiri la dzikolo linanenanso zofanana mu 2022. Aphungu a kuno sanagonje. Kumapeto kwa 2025 anavomereza bilu yosintha malamulo aakulu a dziko kuti abwezeretse dzanja lawo pa thumbali, koma Pulezidenti Peter Mutharika anakana kuisayina.

Chimene chakuza mkanganowu ndi lonjezo la pa kampeni ya 2025 lakuti dera lililonse lizilandira K5 biliyoni pa chaka. Madera a aphungu tsopano ndi 229, ndiye mukachulukitsa mukupeza ndalama zoposa K1.1 thililiyoni. Kuchoka pa K200 miliyoni kufika pa K5 biliyoni ndi kuwirikiza ka 25. Khonsolo imene inkavutika kupeza injiniya woyendera mlatho umodzi iyenera kuyang'anira ntchito zochuluka chotero. Komanso ndalama zolembedwa m'bajeti ndi zimene zimafika ku akaunti ya khonsolo sizifanana nthawi zonse. Makhonsolo akhala akudandaula kwa zaka kuti za DDF zimabwera mochedwa kapena moperewera. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Komiti ya m'mudzi ikamva chiwerengero pa wailesi, funso lake loyamba likhale lakuti zafika zingati, ndipo zafika liti.

Ndalama za GESD zimayenda mosiyana, ndipo ine ndimaona kuti pamenepa pali phunziro limene silikambidwa mokwanira. Khonsolo siilandira chifukwa chongokhalapo. Chaka chilichonse makhonsolo a m'maboma amayesedwa pa mayeso otchedwa LAPA: kodi mabuku a ndalama ali bwino, kodi ntchito zikuchokera m'pulani ya boma, kodi katundu akugulidwa motsata malamulo, kodi ntchito zoyambidwa zikutha, kodi anthu akuuzidwa za bajeti. Yolephera mfundo zoyambirira siilandira kanthu chaka chimenecho, yochita bwino imalandira zochulukirapo. Chilango chake n'chowawa, chifukwa amene amasowa chipatala ndi anthu wamba osati amene anasokoneza mabuku. Komabe zinachititsa kuti bwanamkubwa ndi makhansala akhale ndi chifukwa chowopera pulani imene anailemba okha. Kwa gulu la m'mudzi tanthauzo lake ndi ili: ntchito imene mulibe m'pulani ya boma siingalandire ndalamazi, ngakhale mutadziwana ndi ndani.

Nanga ndalama zolowa mwachindunji m'manja mwa gulu, zilipo? Zilipo, koma m'njira zopapatiza. Chitsanzo chodziwika ndi ndalama za SIG zimene sukulu za pulayimale za boma zimalandira kudzera ku khonsolo. Zimalowa mu akaunti ya sukulu, ndipo komiti ya sukulu, makolo ndi aphunzitsi amagwirizana zochita nazo potsata pulani ya sukuluyo: kukonza zimbudzi, kugula choko ndi makope, kuthandiza ana ovutikitsitsa. N'zochepa, koma zimafika pafupi ndi anthu kuposa thumba lina lililonse. M'zaka za m'ma 2000 mabungwe ang'onoang'ono a m'midzi, ma CBO, ankalandira ndalama za National AIDS Commission kudzera m'makhonsolo kuti asamalire odwala ndi ana amasiye. Nthawi imeneyo ma CBO anabadwa ngati bowa, ndipo ndalamazo zitachepa ambiri anafota. Amene anatsala ndi aja anali ndi ntchito yeniyeni asanamve za ndalama. Masiku ano gulu lotere limapeza thandizo makamaka ku mabungwe omwe si aboma, koma nawonso amayamba afunsa ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kapena ya chitukuko cha m'midzi ngati gululo likudziwika. Choncho kulembetsa ku khonsolo sikubweretsa ndalama, koma kusalembetsa kumatseka makomo.

Abale athu a ku Chipata, Katete ndi Lundazi ali ndi dongosolo losiyanako. Boma la Zambia linakweza CDF yawo kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni ya kwawoko mu 2022, ndipo linapatula gawo la makalabu a amayi, a achinyamata ndi makopaletivi. Gulu lolembetsedwa limadzaza fomu, kuipereka ku komiti ya chitukuko ya wodi, ndipo likavomerezedwa limalandira ndalama zoyambira ulimi wa nkhuku kapena ntchito ina. Nakonso madandaulo alipo, a kuchedwa ndi a makalabu ongobadwa chifukwa cha fomu. Koma khomo lake ndi lodziwika, lili ndi fomu ndi tsiku lotsekera, zimene gulu la ku Mchinji, tsidya lino la malire, linali lisanakhale nazo pofika mu 2025.

M'mizinda nkhani imavutanso mwa njira ina. Kulibe gulupu ndi mfumu yaikulu monga kumudzi, ndiye makomiti a chitukuko amakhala pa wodi ndi m'madera ang'onoang'ono a m'wodimo, ndipo mafumu a m'tauni amagwira ntchito yaikulu ngakhale malamulo sawaika poyera. Anthu a ku Ndirande, Mbayani, Mtandire kapena Chinsapo amafuna ngalande, kiyosiki ya madzi, kalavati, malo otayira zinyalala. Khonsolo imayankha kuti msonkho wa nyumba umene imadalira sukutoleredwa mokwanira, anthu n'kuyankha kuti sangalipire zinthu zimene saziona. Komanso ambiri m'madera amenewa ndi a lendi, amene mwina chaka chamawa adzakhala atasamuka, ndiye msonkhano wosankha zofunika za dera umadzaza ndi eni nyumba. Zofuna za mwini nyumba ndi za mayi wa lendi wotunga madzi usiku sizifanana nthawi zonse.

Palinso nkhani ya zimene anthu amathandizapo. Kuyambira nthawi ya MASAF, pulojekiti ya boma ya chitukuko cha m'midzi imene inayamba mu 1995, mgwirizano unali wakuti anthu aumbe njerwa, atute mchenga ndi miyala, boma libweretse simenti, malata ndi mmisiri. Mu 2018 malamulo a zomangamanga analetsa njerwa zootcha pa nyumba za boma pofuna kuteteza mitengo, ndipo m'malo mwake pakufunika mabuloko a simenti. Cholinga n'chabwino, koma chinachotsa chinthu chachikulu chimene mudzi wosauka unkatha kupereka ndi manja ake, n'kukweza mtengo wa ntchito iliyonse. Midzi ina inaotcha uvuni isanauzidwe, njerwa n'kumangophwanyika ndi mvula. Onjezerani kugwa kwa kwacha, ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, mudzamvetsa chifukwa chake bajeti yolembedwa chaka chino siimaliza nyumba chaka chamawa. Si ntchito iliyonse yoima imene yabedwa. Ina yangodyedwa ndi mtengo wa simenti, ndipo komiti yoyang'anira imene ili ndi pepala la kuchuluka kwa katundu ndi mitengo yake ndi yokhayo ingasiyanitse ziwirizi.

Pepala limenelo komiti ili ndi ufulu wolipempha. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, ndipo limakhudza makhonsolo. Gulu lingalembe kalata kufunsa kuti ndalama za CDF zafika zingati m'dera lawo, ntchito zovomerezedwa ndi ziti, kontilakitala ndi ndani ndipo walipidwa zingati. Misonkhano ya khonsolo yonse ndi yotseguka kwa anthu, ngakhale mipando ya alendo imakhala yopanda anthu. M'khonsolo mumakhalanso oimira magulu monga amayi, achinyamata ndi anthu a ulumali, amene savota koma amalankhula, ndipo mawu awo amalowa m'maminitsi.

Nthawi nayo ndi yofunika. Kuyambira 2022 chaka cha boma cha ndalama chimayamba pa 1 April n'kutha pa 31 March, ndiye makhonsolo amakonza bajeti miyezi ya kumapeto kwa chaka ndi kumayambiriro kwa chaka chinacho. Imeneyi ndi nthawi ya dzinja, anthu ali kumunda, misewu yaduka, misonkhano ya VDC ikulephereka. Gulu lobwera ndi pempho mu June lapeza bajeti itatsekedwa kale. Lochenjera limakankha nkhani yake chilimwe, likaonetsetsa kuti yalembedwa m'maminitsi a VDC, n'kupempha kope la maminitsiwo. Limatumiza munthu ku ADC tsiku losanja mapempho, ngakhale akakhale panja pa zenera. Limapita kwa khansala wa wodi yawo, mmodzi mwa makhansala 509 osankhidwa mu September 2025, ndi tsiku la msonkhano ndi nambala ya pempho lawo pa mndandanda wa ADC, kuti akafika ku komiti ya zachuma akhale ndi choloza. Likhale ndi malamulo ake olembedwa, akaunti ya ku banki ya osayinira atatu, ndi kope la msungichuma losonyeza ngakhale ndalama zochepa zimene mamembala amasonkha, pakuti wopereka thandizo aliyense amayamba waona mmene gulu limasungira zake. Ndipo ntchito ikavomerezedwa, gululo likakamire kuti mamembala ake alowe m'komiti yoyang'anira, chifukwa ndi komitiyo imene imawerenga matumba a simenti akamatsitsidwa m'galimoto ndi kusayina kuti ntchito yafika poyenera kulipira kontilakitala.